MWANA WODWALA: KUGONA M'CIPATALA, KUTURUKA, NDI KUBWERERANSO

Pali funso limodzi limene makolo, madotolo ndi maboma akhala akulimbana nalo zaka zoposa 200, ndilo lakuti: Mwana wodwala kwambiri ayenera kugona m'cipatala masiku angati, ndipo akaturuka adzamsunga ndani? Munthu angayese kuti ili ndi funso la madotolo okha. Koma mbiri itionetsa kuti yankho lace lasinthika kawiri katatu, ndi kuti posinthika pali ponse katundu anacoka pa phewa la wina nakakhala pa phewa la mnzace. Mwezi uno tiyeni tilondole mbiri imeneyi, makamaka za ana aja amene nthenda zao ziri zambiri pamodzi ndi zosatha, amene moyo wao utsamira pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, pa timapaipi ndi pa makina.

Masiku a zitseko zotseka

Kale ku Ulaya zipatala zambiri sizinafuna kulandira ana ang'ono, pakuti anali kufa msanga ndi nthenda zopatsana za m'nyumba za odwala. Cipatala coyamba ca ana okha cinatsegulidwa ku Paris m'caka ca 1802. Ku London dotolo wina, dzina lace Charles West, anatsegula cace mu msewu wa Great Ormond Street m'caka ca 1852, ciri ndi makama 10 okha. Ndipo ca ku Philadelphia, m'dziko la America, cinatsata mu 1855.

Masiku amenewo mankhwala eni eni anali owerengeka. Cimene cipatala cinakhoza kupatsa mwana ndico kama woyera, cakudya cokwanira, mpweya wabwino ndi kupumula. Cifukwa cace ana anagona nthawi yaitali ndithu. Mwana wogwidwa ndi cifuwa cacikuru ca m'mafupa a msana kapena a m'cuuno anamangidwa pa kama miyezi yambiri, ena caka, ena zaka ziwiri kapena zitatu. Wodwala nyamakazi ija yoononga mtima anauzidwa kugona cigonere miyezi ingapo. Pamene poliyo inabuka ndi mphamvu, ana olephera kupuma anaikidwa m'cibokosi cacitsulo cokoka ndi kuturutsa mpweya, cimene cinayesedwa koyamba pa mwana ku Boston mu 1928. Ndipo ena anakulira momwemo.

Tsono cinthu cimene cidzadabwitsa amai a kuno kwathu ndi ici: makolo sanaloledwa kukhala ndi ana ao. M'zipatala zambiri anacezera kamodzi pa sabata kwa ora limodzi, m'zina kamodzi pa mwezi, ndipo m'zipatala za nthenda zopatsana anangosuzumira pa zenera la galasi. Akuru a zipatala sanacita ici cifukwa ca nkhanza. Anaopa kuti alendo adzalowa ndi nthenda. Ndiponso anaona kuti mwana alira kwambiri mai wace akacoka, koma akakhala masiku osamuona amakhala cete. Kukhala cete kumeneku iwo anakuyesa kuzolowera.

Kulira kwa ana kumveka

Panali ena amene sanabvomerezana nao. Ku Newcastle, m'zaka za m'ma 1920, dotolo James Spence anayamba kugoneka amai pamodzi ndi makanda ao, naona kuti mai ndiye namwino woposa onse wa mwana wace. Mu 1951 John Bowlby analembera bungwe la World Health Organization za kuipa kwa kulekanitsa mwana wamng'ono ndi amace. Caka cotsatira, 1952, mnzace wa pa nchito, James Robertson, anaonetsa kanema wa mtsikana wa zaka 2 amene anagona m'cipatala masiku 8 cifukwa ca opareshoni yaing'ono. Oonera anapenya okha m'mene mwanayo anayambira ndi kulira, nafika pa kutaya mtima, natsiriza ndi kuyang'ana kumbali amace atabwera. Pamenepo kunadziwika kuti cete uja sanali mtendere konse, koma cisoni cozama.

Madotolo ndi anamwino ambiri anakwiya ndi kanemayo, pakuti palibe munthu akondwera kuuzidwa kuti nchito yace yacifundo iri ndi bala m'kati. Koma mu 1959 boma la Britain linaturutsa cikalata ca bungwe lotsogozedwa ndi Sir Harry Platt. Mau ace akuru anali atatu: mwana asagonekedwe m'cipatala ngati nkotheka kumsamala kwao, makolo aloledwe kuceza nthawi iri yonse, ndipo amai a ana osakwana zaka 5 apatsidwe malo ogona pafupi. Zipatala zinacedwa kumvera, kufikira amai ena a ku Battersea, mu London, anapanga bungwe lao mu 1961 nayamba kugogoda pa cipatala ndi cipatala. Panapita zaka zoposa 20 mwambo watsopanowu usanakhazikike ponse ponse.

Walira mvula walira matope

Pa nthawi yomweyo nzeru za mankhwala zinali kuthamanga. Penisilini ndi mankhwala a cifuwa cacikuru anafika m'zaka za m'ma 1940, katemera wa poliyo wa Jonas Salk mu 1955. Nyumba zazikuru zimene zinadzala ndi ana ogona zaka zinayamba kukhala zopanda anthu, ndipo mwana wa cibayo amene kale akadagona mwezi anaturuka sabata isanathe.

Koma nzeru yomweyo inabala mtundu watsopano wa wodwala. Mu 1944, ku Johns Hopkins mu Baltimore, Alfred Blalock, Helen Taussig ndi Vivien Thomas anapeza njira ya opareshoni yothandiza ana obadwa ndi mtima wopunduka. Mu 1952, poliyo itasakaza mzinda wa Copenhagen, dotolo Bjørn Ibsen anapereka nzeru yoboola pakhosi pa odwala ndi kulowetsa kapaipi, ndipo ophunzira udotolo mazana mazana anasinthana usana ndi usiku kupopa mpweya ndi manja. Kumeneko ndiko kunayambira zipinda za odwala mwakayakaya zimene tiri nazo lero. Mu 1956 John Holter, mmisiri wa zitsulo wa ku Philadelphia, amene mwana wace anabadwa ndi madzi ocuruka m'mutu, anapanga kotsekera kakang'ono ka m'kapaipi kotsitsa madziwo. Mu 1968 Stanley Dudrick anaonetsa kuti khanda likhoza kukula ndi cakudya colowera m'mitsempha. Mu 1979, ku Cleveland, Michael Gauderer ndi Jeffrey Ponsky anapeza njira yapafupi yoikira kapaipi kodyera pamimba. Makanda obadwa masiku asanakwane, amene kale anafa ndi kulephera kupuma, anayamba kupulumuka ambiri.

Zonsezi ndi zoyamika, ndipo palibe kholo lingafune kubwerera m'mbuyo. Komatu akuru anati, walira mvula walira matope. Ambiri a ana opulumukawo anacira nakula monga anzao. Koma ena sanafa, ndiponso sanacira. Anatsala ndi khunyu, ndi ziwalo zopuwala, ndi kapaipi pakhosi, kena pamimba, kena m'mutu, ndi madotolo 5 kapena 10, yense woyang'anira ciwalo cace. Cipatala cinamangidwa kuti munthu alowe, acire, aturuke. Tsono cinapezeka ndi ana amene analibe tsiku locira, ndipo ena anakhala m'menemo zaka, osati cifukwa ca kudwalitsa, koma cifukwa panalibe njira yopitira kwao.

Mtsikana wa ku Iowa

Nkhani imene inatembenuza zinthu ku America ndi ya Katie Beckett, wobadwa mu 1978 ku Cedar Rapids, m'cigawo ca Iowa. Ali ndi miyezi yowerengeka anagwidwa ndi nthenda yotupitsa bongo, natsala wofuna makina opumira. Atafika zaka 3 madotolo anabvomereza kuti akhoza kusungidwa kwao. Koma lamulo la thumba la boma lolipirira odwala, lochedwa Medicaid, linali lotere: mwana akakhala m'cipatala nthawi yaitali boma lilipira osawerenga cuma ca makolo, akapita kwao malipiro a makolo awerengedwa, ndipo cithandizo cileka. Motero mwanayo anatsekeredwa m'cipatala ndi lamulo, cinkana kumsunga m'menemo kunadya ndalama ngati kasanu ndi kamodzi kuposa kumsunga kwao.

Amace sanatopa kudandaula kufikira nkhani inamveka kwa Pulezidenti Ronald Reagan, amene anaichula poyera mu Novembala 1981. Lamulo linamasulidwa, mwanayo anapita kwao Khirisimasi isanafike, ndipo mu 1982 nyumba ya malamulo inatsegula njira yomweyo kwa ana ena. Katie Beckett anakula, naphunzira kufikira koleji, namwalira mu 2012 ali ndi zaka 34. Ndipo pa nthawiyo ana oposa 500,000 anali atathandizidwa ndi njira yochedwa ndi dzina lace.

M'caka comweco ca 1982, ku Oxford, mai wodzipereka Frances Dominica anatsegula Helen House, nyumba yoyamba yolandira ana a nthenda zosacira kwa masiku owerengeka kuti makolo apumeko. Ndipo mu 1983 boma la America linasintha malipiridwe a zipatala za okalamba: m'malo mwa kulipira tsiku liri lonse logona, linayamba kulipira mtengo umodzi pa nthenda iri yonse. Pamenepo tsiku loonjezera linasanduka citayiko kwa cipatala. Mzimu wofulumiza kuturutsa odwala unafalikira pang'ono pang'ono kufikira m'zipinda za ana. Taonani tsono zingwe ziwiri zokokera kumodzi, cifundo ndi ndalama. Zonse zinati, mwana apite kwao.

Khomo lozungulira

Mwana atapita kwao, nchito ya namwino inagwera mai ndi bambo. Anaphunzira kuyamwitsa makhololo m'kapaipi ka pakhosi, kuyeza mankhwala mitundu 10 kapena kuposa, kudzuka pakati pa usiku makina akalira. Amai ambiri anasiya nchito. Ndipo cinthu cikalakwika, khomo linali limodzi lokha, kubwerera ku cipatala. Kapaipi ka m'mutu kakatsekeka, cakudya cikalowera m'mapapo ndi kubala cibayo, khunyu likakana mankhwala, kacirombo kakalowa pa kapaipi ka m'mtsempha, ulendo unayambanso. Kugona kumodzi kwakutali kwa masiku akale kunasanduka kugona kwakufupi kobwerezabwereza.

Anthu ofufuza anayamba kuwerenga. Ku America kunapezeka kuti mu 2006 ana a nthenda zosatha zobvuta anali 1 mwa ogonekedwa 10 ali onse, koma anatenga gawo limodzi la magawo 4 a masiku onse ogona ana, ndi ndalama 4 mwa 10 ziri zonse. Jay Berry wa ku Boston ndi anzace analondola ana m'zipatala 37 kuyambira 2003 kufikira 2008, napeza kuti ana osakwana 3 mwa 100 ali onse, amene anabwerera kanai kapena kuposa m'caka cimodzi, anatenga pafupifupi gawo limodzi la magawo 5 a kugonekedwa konse. Mu 2013 anaonetsanso kuti m'zipatala 72 ana 6 kapena 7 mwa 100 ali onse anabwerera mosayembekezeka masiku 30 asanathe. Ku Ontario, m'dziko la Canada, Eyal Cohen ndi anzace anapeza mu 2012 kuti ana otere sanakwana 1 mwa 100, koma anadya pafupifupi gawo limodzi la magawo 3 a ndalama zonse za umoyo wa ana.

Apa panabuka mtsutso umene sunathe. Kuyambira 2012 boma la America linayamba kudula malipiro a zipatala zimene okalamba ao abwerera kawirikawiri, ndipo ena anafuna muyeso womwewo pa ana. Iwo ati, kubwerera msanga ndi cizindikiro cakuti mwana anaturutsidwa asanakonzeke, kapena makolo sanaphunzitsidwa bwino. M'menemo muli coonadi. Koma ena ayankha kuti kubwerera kwambiri kwa ana otere kucokera ku nthenda yeni yeni, ndi kuti cipatala coopa kulangidwa cikhoza kusunga mwana masiku osafunika, kapena kuzengereza kumlandira pamene afunika kulandiridwa. Ife tiona kuti onse awiri agwira mbali ya coonadi: kubwerera kwina ndi kulakwa, kwina ndi nzeru ya kholo locenjera lofika nthawi isanathe, ndipo ciwerengero pa cokha sicikhoza kusiyanitsa ziwirizi.

Cimene cinaoneka cothandiza siciri cacilendo. Ku Houston kunayesedwa kupatsa ana otere kagulu kamodzi ka madotolo ndi anamwino kowadziwa bwino, kopezeka pa lamya usana ndi usiku, kolandira mwana tsiku lomwelo akayamba kudwala. Ndipo kudwala kwakukuru kunacepa ndi theka. Ndiko kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti mai wokhala ndi womfunsa pa ora la usiku sathamangira cipatala pa ciri conse, ndiponso sacedwa pa coopsa.

Nanga kuno kwathu?

Wina adzati, izi ndi za maiko a cuma. Ife zitikhudza bwanji? Zitikhudza, ngakhale njira yathu inayenda mosiyana. Mai wa kuno sanacotsedwa pa kama wa mwana wace monga ku Ulaya. Iye ndiye aphika, acapa, nagona pansi pambali pa kama. Cimene Azungu anacimenyera nkhondo zaka 30 ife tinali naco kale. Koma mtengo wace ngwolemera, pakuti mai akakhala mwezi m'cipatala munda umera thengo, ndipo ana otsala kumudzi asowa wowaphikira.

Cifukwa cace kufupikitsa masiku ogona kunali ndi phindu lalikuru kuno. Ana onyenchera ndi njala kale anagona m'zipinda za magulu pafupifupi mwezi wathunthu. Ciponde ca mtedza, mkaka, mafuta ndi shuga citapangidwa ndi André Briend wa ku France mu 1996, cinayesedwa ku Blantyre ndi dotolo Mark Manary kuyambira 2001, ndi m'midzi ya ku Dowa mu 2002. Ndipo kunaoneka kuti mwana wosadwala nthenda yina, wokhoza kudya, acira bwino ali kwao. Mu 2007 mabungwe a United Nations anabvomereza njirayi pa dziko lonse. Momwemonso kufungatira khanda losakwana masiku pacifuwa ca amace, kumene kunayamba ku Bogotá mu 1978, kunafika pa cipatala ca Zomba mu 1999, ndipo kunathandiza makanda kuturuka msanga.

Koma bvuto la pambuyo pa kuturuka liri lowawa kuno koposa, pakuti kumene mwana wa ku Boston abwerera ku cipatala, wa kuno nthawi zambiri safikako. Ofufuza analondola ana 1,024 amene anagonekedwa ndi kunyenchera pa cipatala ca Queen Elizabeth mu 2006 ndi 2007, ambiri a iwo ali ndi kacirombo ka HIV kapena cilema. Anapeza kuti 42 mwa 100 ali onse anamwalira, ndipo imfa imodzi mwa 4 inacitika mwana ataturuka kale m'cisamaliro. Kunadziwikanso kuti mwana woikidwa mwazi cifukwa ca kucepa kwa mwazi m'thupi ali pa ngozi yaikuru miyezi yoyamba atapita kwao. Kamija Phiri ndi anzace anayesa kuno, nalengeza mu 2012, kupatsa ana otere mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi ataturuka. Ena anatsimikiza njirayi ku Kenya ndi Uganda mu 2020. Ndipo mu 2022 World Health Organization inaibvomereza, pakuti icepetsa imfa ndi kubwereranso.

Tsopano cipatala ca mafupa ca Beit CURE, cotsegulidwa mu 2002, ndi ca Mercy James, ca opareshoni za ana, cotsegulidwa mu 2017, zonse ku Blantyre, zipulumutsa ana amene kale sakadakhala ndi moyo. Potero ifenso talowa m'njira imene ena anayendamo: ana okhala ndi kapaipi m'mutu, ana opuwala ndi malungo a m'bongo, ana a khansa ndi a mtima adzacuruka m'midzi mwathu, kutali ndi msewu ndi magetsi.

Zimene mbiri itiphunzitsa

Coyamba, kucepa kwa masiku ogona si umboni wakuti nthenda yapepuka. Kawirikawiri ndi umboni wakuti nchito yasamukira kunyumba. Boma lowerenga makama opulumutsidwa liyenera kuwerenganso tulo ta mai totayika.

Caciwiri, tsiku loturuka ndi tsiku loopsa monga lolowa. Kholo lisacite manyazi kufunsa: mankhwala awa amwa liti ndi angati, zizindikiro zoopsa ndi ziti, ndidzabwera tsiku liti, usiku ndidzathamangira kuti? Safunsa anadya phula. Ndipo namwino asayese kuti wafotokoza kufikira mai atabwereza mau ndi kuonetsa ndi manja ace.

Cacitatu, kubwerera ku cipatala si manyazi. Mai wobwera kacitatu ndi mwana yemweyo asalandiridwe ndi nkhope yokwinya, pakuti iye adziwa mapumidwe a mwana wace koposa buku liri lonse. Ndipo kunali kusamvera amai kumene kunasokeretsa zipatala za ku Ulaya zaka 100.

Cotsiriza ciri kwa ife a m'midzi, aphunzitsi, mafumu ndi anansi. Banja losunga mwana wotere litopa mwakacetecete, ndipo nthawi zina linenedwa za ufiti pamwamba pa kutopa kwace. Wina alime mzere umodzi m'munda mwao, wina abwereke njinga tsiku la sikelo, mphunzitsi asunge malo a mwanayo m'kalasi pamene ali m'cipatala. Madotolo anapeza njira yosunga moyo wa ana amenewa. Koma kuti moyowo ukhale wokoma, imeneyo ndi nchito ya mudzi wonse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.